Momwe mungatsatire mpikisano wa rally wa dziko lonse, ngakhale muli ndi foni yokha

Funso lake limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu waona kavidiyo ka galimoto ikuuluka m'nkhalango ya ku Finland kapena ikusambira m'matope ku Naivasha, ku Kenya, ndiye amafunsa kuti, "Zimenezi amaonetsa pati? Nanga mumadziwa bwanji amene akutsogola, poti galimoto ikuoneka ili yokhayokha mumsewu?" Ndayankha mokwanira, pakamwa ndi pa foni pomwe. Tsopano ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomulozera pano.

Ndineneretu: rally amaitsatira ndi wotchi, maso amangothandizira. Ndipo manambala a pa wotchiyo amanama ngati simukudziwa kuti galimoto inalowa mumsewu kachingati. Zina zonse m'munsimu ndi zosavuta. Gawo la 6 ndi limene muyenera kuliwerenga kawiri.

1. Mvetsani kaye chimene akupikisana

Mpikisano wake ndi World Rally Championship, mwachidule WRC. Umayang'aniridwa ndi FIA, bungwe lomwe limayang'aniranso Formula 1. Unayamba mu 1973 ngati mpikisano wa makampani opanga magalimoto, ndipo chikho cha madalaivala chinabwera mu 1979. Masiku ano pachaka pamakhala ma rally 13 kapena 14 m'maiko osiyanasiyana, kuyambira Januwale mpaka Novembala.

Rally iliyonse imadulidwa m'zigawo zotchedwa masiteji. Siteji ndi msewu weniweni wa anthu umene autseka kwa maola angapo, wina waufupi wa makilomita atatu, wina wopitirira 30. Magalimoto amanyamuka imodziimodzi, kutalikirana mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo aliyense amathamanga mmene angathere. Nthawi za masiteji onse amaziphatikiza. Amene watenga nthawi yochepa pofika Lamulungu masana ndiye wapambana. Masiteji a rally imodzi akaphatikizidwa amakwana makilomita pafupifupi 300.

Pochoka pa siteji ina kupita pa ina, galimoto yomweyo imalowa mumsewu wa aliyense, pakati pa mabasi ndi malole, ndipo imamvera malamulo a pamsewu a dzikolo. N'chifukwa chake ili ndi nambala, nyali ndi maindiketa. Gawo limeneli amalitcha liaison. Apa sathamangitsana, koma pali nthawi yoikika yofikira pa malo olembetsera. Mukachedwa ndi mphindi imodzi amakuwonjezerani masekondi 10. Mukalembetsa msanga ndi mphindi imodzi amakuwonjezerani mphindi yathunthu. Choncho mukaona dalaivala watsika mwadzidzidzi pa mndandanda asanachite ngozi iliyonse, yang'anani zilango musanayambe kudabwa.

2. Lembani kalendala ya chaka, ndipo musinthiretu maola

Kalendala imasintha chaka ndi chaka, ndiye itengeni pa wrc.com chaka chikamayamba. Koma pali ma rally amene ndi mizati. Monte-Carlo ndiyo imatsegula chaka mu Januwale, m'mapiri a kum'mwera kwa France, pa phula lomwe pena n'louma, pena lakutidwa ndi madzi oundana. Sweden imabwera mu Febuluwale, pa chipale chofewa chokhachokha, ndi matayala okhala ndi timisomali. Safari ya ku Kenya ndiyo ya kuno ku Africa. Portugal, Sardinia ndi Acropolis ya ku Greece ndi za misewu ya dothi ndi miyala. Finland ndi ya dothi losalala, liwiro loopsa ndi kudumpha. Japan ndi ya phula lopapatiza, lokhotakhota.

Pambali pa rally iliyonse lembani zinthu ziwiri: mtundu wa msewu ndi kusiyana kwa maola. Kwa amene ali ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe kapena South Africa, nkhani ili chonchi. Monte-Carlo, Sweden ndi Portugal ali kumbuyo ndi ola limodzi. Kenya, Finland ndi Greece ali patsogolo ndi ola limodzi. Sardinia ndi chimodzimodzi ndi ife. Japan ili patsogolo ndi maola asanu ndi awiri, kutanthauza kuti siteji ya 8 koloko m'mawa kumeneko ndi 1 koloko usiku kuno. Za ku South America zimagwa madzulo mpaka usiku. Anthu ambiri amaphonya pomwepa: amaona 08:00 pa ndondomeko ya rally, nkuiwala kuti ndi nthawi ya dziko la eni ake.

3. Sankhani woti muzimuchemerera

Kutsatira magalimoto 60 nthawi imodzi kumangozunguza mutu. Yambani ndi gulu lapamwamba, lotchedwa Rally1, limene linayamba mu 2022. Muli matimu atatu: Toyota ndi GR Yaris, Hyundai ndi i20 N, komanso M-Sport ndi Ford Puma. Musapusitsidwe ndi mayinawo. Galimotozi zimangofanana nkhope ndi za pamsewu, m'kati ndi chimango cha mapaipi achitsulo, injini ya malita 1.6 ya turbo, ndipo zimakoka ndi matayala onse anayi. Pansi pake pali WRC2, kumene Škoda Fabia imadziwika kwambiri ndipo achinyamata amaonetsera luso lawo. Zimenezo mudzazilowa chaka chachiwiri.

Mayina oti muwadziwe ndi ochepa. Sébastien Loeb wa ku France anatenga chikho ka 9 motsatizana, kuyambira 2004 mpaka 2012. Sébastien Ogier, wa ku France komweko, analamulira kuyambira 2013 mpaka 2018, nkutenganso mu 2020, 2021 ndi 2025. Ott Tänak wa ku Estonia ndi amene anadula ulamuliro wa ma Sébastien awiriwo mu 2019. Kalle Rovanperä wa ku Finland anakhala katswiri wamng'ono kuposa onse mu 2022 ali ndi zaka 22, nkubwerezanso mu 2023. Thierry Neuville wa ku Belgium anakhala wachiwiri kambirimbiri asanatenge chake mu 2024. Palinso Elfyn Evans wa ku Wales ndi Takamoto Katsuta wa ku Japan.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: si onse amene amathamanga chaka chonse. Ogier wakhala akusankha ma rally kuyambira 2022, ndipo Rovanperä anachitanso chimodzimodzi mu 2024. Mukasankha munthu wotere, sabata zina mudzakhala mulibe wochemerera. Ine ndimalangiza kusankha dalaivala mmodzi wa chaka chonse, kenako kuwonjezera timu.

4. Dziwani mmene sabata ya rally imayendera

Kumayambiriro kwa sabata kumakhala recce. Dalaivala ndi mnzake wa pampando wa pambali amayenda masiteji onse kawiri pa galimoto wamba, pa liwiro lochepa, akulemba kona iliyonse. Lachinayi nthawi zambiri ndi shakedown, kamsewu kakafupi koyeserapo galimoto. Nthawi za shakedown siziwerengedwa, ndiye musayambe kulengeza kuti wanu wapambana. Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku aatali. Kawirikawiri amathamanga masiteji atatu kapena anayi m'mawa, kupita kwa amakaniko, nkubwereza omwewo masana. Lamulungu ndi lalifupi, ndipo limathera pa Power Stage, siteji yomaliza yokhala ndi mapointi akeake owonjezera.

Malo a amakaniko amatchedwa service park. Nthawi yawo ndi yowerengeka, mwachitsanzo mphindi 45 madzulo, ndipo m'nthawi imeneyo amatha kusintha giyabokosi yonse. Kunja kwa malo amenewa nthawi zambiri palibe makaniko wololedwa kukhudza galimoto. Tayala likaphulika pakati pa siteji, awiriwo amatsika okha ndi jeke, ndipo akachita changu amataya mphindi pafupifupi ziwiri.

Galimoto ikafa Lachisanu, si kuti rally yathera pomwepo. Ngati amakaniko aikonza usiku, imaloledwa kubwerera mawa lake, koma siteji iliyonse imene yaphonya imawerengedwa ndi chilango cha mphindi 10. Kupambana ndiye kwapita, koma mapointi a Lamulungu akadalipo.

5. Konzani foni, ndipo musawononge bandulo pachabe

Zofunika ndi zitatu. Choyamba, apu ya WRC kapena wrc.com, kumene kuli nthawi za masiteji pamene zikuchitika. Ndi manambala okhaokha, sizidya bandulo. Chachiwiri, YouTube ya WRC, kumene amaika zidule za tsiku lililonse. Chachitatu, eWRC-results.com, nkhokwe ya zotsatira zakale, yothandiza pa mikangano ya kuti anapambana ndani chaka chakuti. Nkhani ndi ndemanga mungazipeze pa DirtFish.

Siteji iliyonse amaionetsa pa Rally.TV, koma ndi yolipira ndipo vidiyo ya maola ambiri imamaliza bandulo msanga. Ngati ndalama ndi yochepa, tsatirani Lachisanu ndi Loweruka ndi manambala, onerani zidule usiku, ndipo vidiyo ya pompopompo muisungire Power Stage. Simudzataya zambiri. Kunena zoona, amene amatsatira manambala amamvetsa rally kuposa amene amangoonera magalimoto akudutsa.

6. Phunzirani kuwerenga nthawi

Apa ndi pamene ambiri amagwa ulesi. Amatsegula zotsatira za Lachisanu masana, nkupeza kuti amene akutsogola pa mapointi a chaka ali pa nambala 7, ndipo wina wosadziwika kwenikweni ali pamwamba. Ndiye amayamba kunena kuti wakalamba, kapena galimoto yake ndi yachabe. Nthawi zambiri vuto si limenelo. Vuto ndi mndandanda wonyamukira.

Lamulo lake ndi ili. Lachisanu, magalimoto apamwamba amanyamuka motsatira mapointi a chaka: wotsogola ndiye amayamba. Loweruka ndi Lamulungu amatembenuza zotsatira za rally imeneyo: amene ali kumbuyo amayamba, amene akutsogola amabwera pomaliza.

Nanga kuyamba kuli ndi vuto lanji? Pa msewu wa dothi wouma, pamwamba pamakhala timiyala ndi mchenga wosagwirana. Galimoto yoyamba imaterereka pa zimenezo, matayala akungozungulira, ndipo ikamadutsa imazikankhira kumbali. Yachiwiri imapeza msewu wayera pang'ono, yachisanu imapeza mizere iwiri ya dothi lolimba logwira bwino tayala. Anthu a rally amati woyambayo akusesa msewu. Zili ngati woyamba kudutsa kanjira ka kumunda m'mamawa: iye ndiye amasansa mame, obwera m'mbuyo amadutsa miyendo ili youma. Ku Portugal, Sardinia ndi Greece, kusesa kumeneku kumadya masekondi ambiri tsiku lonse la Lachisanu. Ndipo chilango chake chimabala chinzake, chifukwa amene wataya nthawi Lachisanu amayambanso koyambirira Loweruka. N'chifukwa chake mudzamva madalaivala akunena kuti nkhondo ya Lachisanu ndi yolimbirana malo abwino onyamukira mawa. Ogier anadandaula kwambiri za lamuloli m'zaka zimene ankatsogola nthawi zonse.

Koma musaloweze kuti woyamba amavutika basi. Zimatembenuka motere.

Pa phula, woyamba ndiye ali pabwino. Madalaivala amadula makona, matayala awiri nkulowa m'dothi la m'mbali, ndipo amakokera matope ndi miyala pamsewu. Wachikhumi amapeza kona yomwe woyamba anaipeza yoyera ili ngati dimba. Mvula ikagwa pa msewu wa dothi, woyamba amapindulanso, chifukwa obwera m'mbuyo amapeza matope opondedwa. Kukakhala kopanda mphepo, fumbi la galimoto yoyamba limatsala lili lende pakati pa mitengo, ndipo wachiwiri amayendetsa osaona bwino. Ku Sweden, chipale chikagwa chatsopano usiku, woyamba amakhala ngati thirakitala yolambula njira. Ndipo masana, pobwereza siteji ya m'mawa, msewu umakhala woseseka kale, koma wakumbika mizere yakuya ndipo miyala ikuluikulu yafukuka. Imeneyo ndi nthawi ya matayala ophulika.

Ndiye siteji ikatha, chitani izi motsatana.

Yambani ndi kuyang'ana mndandanda wonyamukira wa tsikulo, ndipo muulembe papepala ngati n'kotheka. Kenako yerekezani dalaivala wanu ndi amene ananyamuka pafupi naye, osati ndi amene wapambana sitejiyo. Ngati woyamba wagonja kwa wachisanu ndi chitatu, palibe nkhani. Ngati woyamba wapambana wachiwiri ndi wachitatu pa dothi louma, ameneyo wayendetsa modabwitsa ngakhale ali pa nambala 6.

Kachitatu, gawani masekondi ndi makilomita. Tiyerekeze kuti wanu wataya masekondi 10 pa siteji ya makilomita 20. Ndi theka la sekondi pa kilomita, zimene kusesa kokha kungafotokoze. Koma masekondi 10 omwewo pa siteji ya makilomita asanu ndi masekondi awiri pa kilomita. Pamenepo china chake chalakwika: waphonya kona, injini yazima, kapena wasankha matayala olakwika.

Kachinayi, tsegulani ma split. Izi ndi nthawi zimene amajambula pa malo angapo m'kati mwa siteji. Zimaonetsa pamene nthawi yatayikira. Ngati akutaya pang'onopang'ono pa split iliyonse, ndi msewu, matayala kapena mantha. Ngati anali bwinobwino mpaka split yachitatu kenako masekondi 25 apita nthawi imodzi, wazungulira kapena wagunda kanthu. Ngati zapita mphindi ziwiri, waima kusintha tayala. Mukazolowera, mudzadziwa chimene chachitika mtolankhani asanamufunse pa mapeto a siteji.

Kachisanu, funsani za matayala. Kuyambira 2025 onse amagwiritsa ntchito a Hankook, m'malo mwa Pirelli, koma aliyense amasankha yekha ofewa kapena olimba, ndiponso kunyamula sipeya imodzi kapena ziwiri. Amasankha asanachoke kwa amakaniko, ndipo amakhala nawo masiteji atatu kapena anayi. Ku Monte-Carlo nkhani yonse imagona pamenepa. Wina amavala a misomali chifukwa cha makilomita ochepa oundana pamwamba pa phiri, nkuluza pa phula louma la m'munsi. Wina amavala osalala nkumakwawa pa ayezi. Musaweruze pa siteji imodzi, dikirani onse a m'mawa athe.

Chomaliza, musamalengeze wopambana magalimoto onse apamwamba asanadutse. Dzina limene lili pamwamba pakadutsa magalimoto atatu nthawi zambiri silikhalapo pakadutsa khumi. Ndipo siteji ikaimitsidwa chifukwa cha ngozi, amene sanathe kuthamanga amapatsidwa nthawi yongoganizira ndi akuluakulu a mpikisano, yomwe nthawi zina imasinthidwa madzulo.

7. Werengani mapointi, chifukwa wopambana rally si nthawi zonse amene wakolola zambiri

Malamulo a mapointi asinthasintha posachedwapa, ndiye onani a chaka chimene mukutsatira. A 2025 anali otere: khumi oyambirira pa rally yonse amalandira 25, 17, 15, 12, 10, 8, 6, 4, 2 ndi 1. Asanu othamanga kwambiri pa masiteji a Lamulungu lokha amalandira 5, 4, 3, 2 ndi 1. Asanu oyambirira pa Power Stage, yomwe inayamba mu 2011, amalandiranso 5 mpaka 1. Wochita bwino pa zonse amatenga 35.

Taonani masamu ake. Wina wapambana rally koma Lamulungu anayenda mosamala osapeza kalikonse: 25. Wachiwiri wamenya Lamulungu lonse ndi Power Stage yomwe: 17 kuphatikiza 5 kuphatikiza 5, ndi 27. Wa chikho cha tsikulo ndi wina, wopindula pa chaka ndi wina. Pa chikho cha makampani, timu imatchula magalimoto osapitirira atatu, ndipo amawerenga awiri amene amaliza bwino. Ichi n'chifukwa chake nthawi zina bwana wa timu amauza dalaivala kuti achepetse moto.

Musazimitse foni Lamulungu m'mawa poganiza kuti zatha. Ku Sardinia mu 2024, tayala la Ogier linaphwa pa siteji yomaliza ndipo Tänak anapambana ndi masekondi 0.2, pambuyo pa masiku atatu. Ku Britain mu 1998, Toyota Corolla ya Carlos Sainz inafa patatsala mamita mazana ochepa kuti amalize siteji yomaliza, chikho cha chaka nkupita kwa Tommi Mäkinen, amene anali atatuluka kale mu rally imeneyo. Mnzake wa Sainz, Luis Moya, anaswa galasi lakumbuyo ndi chipewa chake.

8. Mverani wa pampando wa pambali

Amamutcha co-driver, ndipo ntchito yake ndi ya namulondola. Amawerenga zimene analemba pa recce, makona awiri kapena atatu patsogolo pa pamene galimoto ili. Ambiri amagwiritsa ntchito manambala: kwa ena 6 ndi kona yothamanga, 1 ndi yothina, kwa ena n'zotembenuza. Amatchulanso mtunda wa mamita, chitunda chobisa msewu, ndi malo osayenera kudula chifukwa pali mwala. Ambiri amawerenga m'chinenero chawo, ena Chifalansa, ena Chifinishi. Onerani vidiyo imodzi ya m'kati mwa galimoto ndi mahedifoni, maso ali pa manja a dalaivala. Mudzaona kuti amakhotetsa asanaone kona. Mu 2022 Loeb anapambana Monte-Carlo ali ndi zaka 47, ndipo amene ankamuwerengera anali Isabelle Galmiche, mphunzitsi wa masamu.

9. Ngati mukufuna kukaona ndi maso, yapafupi ndi Safari

Safari Rally inayamba mu 1953. Joginder Singh wa ku Kenya anaipambana katatu, Shekhar Mehta kasanu. Inachoka mu WRC pambuyo pa 2002, nkubwerera mu 2021, likulu lake lili ku Naivasha. Kuyambira 2021 mpaka 2023 inkachitika mu Juni, kenako anaisunthira mu Malichi, nyengo ya mvula. Ndi rally imene wothamanga kwambiri nthawi zambiri samaliza, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2021 Neuville ankatsogola mpaka Lamulungu m'mawa pamene chitsulo chogwirizira tayala lakumbuyo chinathyoka, Ogier nkupambana. Mu 2022 ndi 2023 Toyota inatenga malo anayi onse oyambirira. Mudzamvanso mawu oti fesh-fesh: ndi fumbi losalala ngati ufa, lakuya, limene limameza galimoto ndi kutsamwitsa injini. Amene ali ku Zambia angayambe ndi ma rally a komweko, dziko la Satwant Singh, yemwe anatenga chikho cha Africa kambirimbiri.

Mukapita, sankhani siteji imodzi kapena ziwiri patsiku, osati zonse. Misewu imatsekedwa maola angapo galimoto yoyamba isanafike, ndipo mzere wa magalimoto pa msewu wa Nairobi kupita ku Naivasha ndi wodziwika. Nyamulani madzi, chipewa ndi kansalu kotchinga mphuno. Imani pamalo okwera, kumbuyo kwa tepi, ndipo musaime kunja kwa kona, chifukwa galimoto ikalephera kukhota imapita komweko. Ngozi za 1986, kuphatikizapo ya ku Portugal kumene galimoto inalowa m'gulu la oonerera, ndi zimene zinathetsa magalimoto amphamvu a Group B, ndipo mpaka lero siteji amaithetsa anthu akaima malo olakwika. Patsogolo pa opikisana pamadutsa magalimoto oyendera msewu olembedwa 000, 00 ndi 0. Ya 0 ikadutsa, yotsatira ndi ya mpikisano. Musalowe mumsewu mpaka itadutsa galimoto yotsekera kumapeto, ngakhale patakhala chete kwa mphindi khumi.